Wosamutsa Manda a Ijjat Ali

Amisiri ena amatchuka ndi zimene anamanga. A Hormuj Ali a ku Char Ijjat anatchuka ndi kuphwasula. Kwathu kuno, kumene mtsinje wa Meghna umathira m'nyanja, nyumba ya malata ndi matabwa siimangidwa kuti ikalambire pamalo amodzi. Gombe likayamba kugumuka kuseri kwa khola, mwini nyumba sathamangira kwa shehe, amathamangira kwa mmisiri, ndipo kwa zaka makumi asanu mmisiri wake anali a Hormuj. Ankafika ndi hamala m'chiuno, osapepesa, osafunsa zambiri, n'kungoti, “Tulutsani ana ndi mbale, tiyambe.” Ankaika chizindikiro cha laimu pa thabwa lililonse kuti lidzabwerere pamalo pake, ndipo pofika madzulo nyumba inali itasanduka zipupa zinayi ndi denga, zitatsamira pamtengo kudikira onyamula. Dzina lawo ambiri analiiwala, ankangoti Mistiri, ndiko kuti mmisiri.

Ngakhale mkazi anamupeza pa ntchito yomweyo. Ankaphwasula nyumba ya bambo wina wa kutsidya, ndipo mtsikana wa pakhomopo, Joygun, anawakalipira kuti aponda mphasa yake ndi matope. Nyumba ikugwera m'madzi, iye akudandaula mphasa! A Hormuj anaona kuti mkazi wotere sangataye mutu pa tsoka, n'kutuma akuluakulu. Anabereka ana anayi. Atatu anapita ndi namondwe mmodzi chaka china, ndipo Rokeya, wobadwa pambuyo pake, anakwatiwa kumtunda.

Pamene izi zinkachitika a Hormuj anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Msana unali utapindika, phewa lamanja litatsika kuposa lamanzere chifukwa cha madenga a anthu. Sanali munthu wanthabwala, komanso sanali waukali. Anali munthu wotopa basi. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji ankayankha kuti, “Ndadzuka, nanga n'kutani.” Nyumba yawo yomwe anali ataiphwasula ndi kuimanganso kasanu ndi kamodzi, pothawa madzi kapena pouzidwa kuti achoke, moti malata ake anali mabowo okhaokha ngati sefa, ndipo mvula ikagwa a Joygun ankayala mbale pansi ponse.

Mudzi wathu anauyamba ndi Ijjat Ali, m'nthawi ya agogo a agogo athu. Akuti anachoka kumtunda atakangana ndi abale ake pa nkhani ya munda, n'kuwoloka ndi njati zoweta zisanu ndi ziwiri, atagwira mchira wa yotsogola, kudzatulukira pa chilumba cha matope chimene chinali chitangovuuka m'madzi. Panalibe mtengo, panalibe madzi akumwa, udzu wokhawokha ndi nkhanu. Anakumba dziwe losunga madzi a mvula, anabzala migwalangwa itatu kuti amabwato aziiona patali, ndipo mabanja ena anamutsatira: asodzi, ophika mchere, ndi kalipentala mmodzi wosauka, tate wa agogo a Hormuj.

Dziwe lija nyanja inamwa kalekale. Migwalangwa inagwa umodziumodzi, ndipo msika woyamba ndi minda yonse ya mpunga zili pansi pa madzi. Koma ife sititaya maina. Mudzi ukasamuka timanyamula maina pamodzi ndi nkhuku, moti pa malo amene tinkakhala masiku amenewo panali potchedwa Pa Dziwe pomwe panalibe ndi chithaphwi chomwe, ndi Pa Migwalangwa Itatu pomwe panali kanyumba kogulitsira tiyi ndi mbuzi yomangirira. Mlendo akafunsa njira tinkamuuza kuti akakhote pa migwalangwa, kenaka n'kumadabwa kuti wasochera bwanji munthu wamkulumkulu.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene tinkati nyanja inachilephera: manda a Ijjat Ali. Anali kuseri kwa mzikiti, mtumbira wautali wofundidwa nsalu yofiira, ndi chikhomo cha mtengo wakuda kumutu. Asodzi asanapite kunyanja ankatapapo kadothi n'kumangirira m'kansalu pamkono. Amayi ankayatsapo lubani Lachinayi lililonse. Anthu a midzi ina yomira ankabwera kudzamanga pafupi, atamva kuti madzi safika pamene pagona mkuluyo. Ndipo zinkaoneka ngati zoona, pakuti kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi nyanja inangoima kuseri kwa khoma la dothi limene boma linaunjika, osadyanso ngakhale phazi limodzi.

A Hormuj ndi akazi awo okha ndi amene ankadziwa bwino zimene zinali pansi pa nsalu yofiirayo. Mudzi unasamuka kasanu chiyambire, ndipo ulendo uliwonse banja la amisiri linali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba inali yoonekera: kuphwasula mzikiti ndi kutsogolera amuna khumi ndi awiri osenza denga lake, molunjika kumpoto, kuthawa madzi. Mmisiri ankawerenga mapazi, akakwana zana n'kufuula kuti atule, apume. Ntchito yachiwiri inkachitika tsiku lomwelo, aliyense atatanganidwa ndi mphasa ndi mbuzi zake. Mmisiri ankabwerera yekha kumanda, n'kutapa dothi lodzaza kamphika katsopano, n'kufukula timiphika takale, n'kuzula chikhomo. Kumalo atsopano ankakwirira timiphikato kuseri kwa mzikiti, n'kuunda mtumbira, n'kuyala nsalu. Asanazike chikhomo ankadula timizere kunsi kwake ndi tchizulo, kamzere kamodzi pa mpumulo uliwonse wa osenza denga aja. Akuluakulu ankapeza manda ali kuseri kwa mzikiti monga mwa masiku onse, n'kuyang'ana kumbali osafunsa kanthu.

Mwambowu a Hormuj anauzidwa ndi bambo awo pa kusamuka kwachinayi, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. “Timizereti n'toti mwini wake adziwe kuti tamuyendetsa mtunda wotani,” anatero bambowo. “Koma pakamwa pako pakhale potseka. Anthuwa akataya minda safa. Akataya mandawa abalalika.” A Hormuj analonjeza atagwira chikhomocho. Kusamuka kwachisanu anakuyendetsa okha. Amuna amene anasenza nawo denga ulendo umenewo anatha onse kumwalira, ndipo amene anali ana pa nthawiyo ankangokumbukira kulira kwa nkhuku. M'badwo watsopano unkalumbira ndi mtima wonse kuti mandawo sanasunthepo, kuti mudzi ndi umene unathawira pafupi nawo.

Minda tinalibe. Tinkakhala m'mbali mwa khoma la dothi lija, pamalo a boma, nyumba zitathithikana, n'kumabzala ndi kukolola m'minda ya ena. Ndiye chaka chimenecho kunabwera nkhani ziwiri mwezi umodzi. Yoyamba, boma linati likufuna kukweza khomalo, choncho aliyense achokepo mvula isanayambe. Kuti apite kuti, chikalatacho sichinanene. Yachiwiri inabwera ndi asodzi: kummwera, ulendo wosakwana ola pa boti, matope amene ankaoneka madzi akaphwa tsopano anali atamera udzu, ndipo njati zikanatha kuimapo. Lamulo limati nthaka yomira ikatulukanso pomwe inamirira, ibwerere kwa ana a eni ake, bola asonyeze kuti ndi pomwepo. Akalephera, boma limagawira ena.

A Hormuj sankafuna zambiri. Pa mapu akale panali kachigawo ka agogo awo, kokwana nyumba, khola ndi mizere ingapo ya tsabola. Ankangofuna kameneko, malo oti munthu wina asadzawauzenso kuti chokani.

Kunabwera woyeza malo wa boma, amene kuno timati amini, bambo wonenepa wa ambulera yakuda, atanyamula mapu m'chitini chachitali ndi tcheni choyezera. Anamulandira ndi Sekandar, mwana wa msuweni wa a Hormuj, mwini maboti awiri, munthu woti pamaliro amalankhula kuposa ofedwa. Mudzi wonse unasonkhana kuseri kwa mzikiti. Amini anayala mapu pamphasa, n'kutsindira ngodya zake ndi zibuma.

“Zonse zimene agogo anu ankayezera zinamira,” anatero. “Dziwe kulibe, migwalangwa kulibe. Chatsala ndi ichi.” Analoza kachizindikiro pakati pa pepalalo. “Manda a Ijjat Ali. Minda yonse inazungulira mandawo. Ndiye ndifunse nawo, ndi awa?”

“Ndi omwewa, Saheb!” anatero Sekandar akudziguguda pachifuwa. “Kulibenso ena.”

“Sanasunthepo?”

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anafuula kuti, “Kwanu manda ali ndi miyendo, Saheb?”

“Nyanja inadya zonse, koma itafika apa inagwada,” anatero Sekandar. “Funsani aliyense, ngakhale mwana woyamwa.”

“Mungalumbire?”

“Bweretsani Kurani tigwire tonse!”

Amini anapukuta thukuta m'khosi n'kuyamba kukulunga mapu ake. “Basi, mwandipeputsira ntchito. Ngati manda ali pomwe analili, minda yanu ili pompano, pansi pa mapazi anuwa, ndipo sinamirepo. Mukalimbane ndi amene akulimamo. Chilumba chili ukocho, makilomita asanu kuchokera pano, si chanu.”

Sekandar anatsala kukamwa kuli yasa.

“Saheb, mwina simunamvetse,” anayamba motero.

“Ndamvetsa kwambiri, m'bale wanga. Ndayeza zilumba zambiri ine, ndipo ndikudziwa kuti kuno zimayenda zinthu zoti kwina siziyenda. Koma sindilemba zimene ndikuganiza. Ndimalemba zimene mwandiuza ndi zimene ndaona.” Anayang'ana nkhope za okalamba mmodzimmodzi, ndipo maso ake anachedwa pang'ono pa a Hormuj, amene anali atanjuta kumapeto akuyang'ana zala zawo. “Ndikamweko tiyi. Boti lomaliza limanyamuka folo koloko.”

A Hormuj anapita kunyumba pang'onopang'ono, manja kumbuyo. A Joygun anali atamva kale, poti pa khoma paja nkhani inkafika mwini wake asanafike. Anawaikira mpunga wadzulo woviika m'madzi, mchere ndi tsabola wowotcha, n'kukhala poteropo akutafuna tsamba limene kuno timati paan.

“Simukudya, bambo a Rokeya.”

“Sukulowa.”

“Suloweranji? Kapena mukudikira Ijjat Ali adzuke adzakudyetseni?”

“Iwe, pakamwa pakopo.”

“Pakamwa panga ndatseka zaka zonsezi kusunga timiphika tanuto. Nsalu yofiira ija anasoka ndani ulendo womaliza? Si ine, ndili ndi pakati pa Rokeya, madzi ali m'mawondo?”

“Ndinalonjeza bambo anga.”

“Bambo anu ali pansi pa nyanja, pogona sakusowa. Ife mwezi wamawa tikagona kuti? Pansi pa ambulera ya amini?”

“Anati anthu adzabalalika.”

“Nanga akatithamangitsa pano tikhala pamodzi? Ena ku Dhaka kukapalasa njinga zonyamula anthu, ena ku Chittagong kukaswa njerwa. Kubalalika kwake si kumeneko?”

A Hormuj anavundula mpunga ndi chala, osaika kukamwa. “Suwadziwa anthu, make Rokeya. Munda aulandira ndi manja awiri, koma wowachititsa manyazi sadzamukhululukira.”

“Ndimawadziwa kuposa inu, ndimatunga nawo madzi. Ndiye musankhe, kudedwa muli pakhomo panu kapena kukondedwa muli pamsewu.” Analavula paan panja, ndipo atalankhulanso mawu awo anali atatsika. “Ine ndatopa, bambo a Rokeya. Ndatopa n'kumanga mbale m'nsalu.”

Mawu amenewo ndi amene anawalasa, pakuti kutopa ankakudziwa. Mantha anali nawo, manyazi pamaso pa bambo awo akufa anali nawo, koma mphamvu yosenzanso denga kupita kosadziwika analibe. Anamwa madzi a mpungawo, n'kutenga khasu kuseri kwa chitseko. Anadzera Pa Migwalangwa Itatu, n'kuuza amini kuti asiye tiyi awatsate. Anthu ataona nkhalamba ili ndi khasu paphewa ikulowera kumzikiti, anasiya zonse n'kulondola.

“Chacha, khasulo n'lachiyani?” anafunsa Sekandar, poti kuno m'bale wa bambo ako timati chacha.

“Chotsa nsalu iyi, uipinde bwino.”

Sekandar anagwira mpini. “Mwapenga kodi? Mukufuna kufukula mkulu wathu dzuwa likuswa mtengo?”

“Mulibe munthu umu, mwana wanga. Siya khasu.”

“Mulibe munthu?”

“Mkulu wathu ali komwe anaikidwa, kummwera uko. Muno muli miphika. Iwiri anaika agogo, umodzi bambo, wina bambo ndi ine. Womaliza ndinaika ndekha, iwe uli ndi zaka khumi, ukulira kuti tambala wako wathawa.”

Sekandar anasiya mpini uja n'kubwerera m'mbuyo. Nsalu anaichotsa okha a Hormuj. Anayamba kukumba, ndipo panalibe anawalandira khasu. Nkhalamba ya msana wopindika imakumba mochedwa. Ankamenya kangapo n'kutsamira pampini kuti apeze mpweya, anthu oposa mazana awiri ataimirira akungowayang'ana, ena akunong'ona mapemphero, ena akutukwana chapansipansi. Atafika m'mawondo anagwada n'kuyamba kupala ndi manja. Anatulutsa timiphika kamodzikamodzi, tovundikira ndi zigoba za kokonati, n'kutindandalika pamphepete. Tinali tisanu. Komaliza kutuluka kanali kakuda, kong'aluka, komangidwa ndi chingwe chowola.

Chikhomo chinawakanika. Amini anaika ambulera pansi, n'kukwinya malaya, n'kugwedeza nawo mpaka chinazuka. Atachitsuka ndi madzi timizere tinaoneka, m'magulu asanu, todulidwa ndi manja osiyanasiyana. A Hormuj anafotokoza tanthauzo lake. Amini anawerenga kawiri akuyendetsa chikhadabo, n'kupeza timizere makumi asanu ndi awiri.

“Mapazi zana a munthu wosenza denga si mapazi zana a munthu wopita kumsika,” anatero amini. “Tandiyendereni, Mistiri, monga munkayendera.”

A Hormuj anatsitsa phewa lamanja, anakweza dzanja ngati agwirira mtanda, n'kuyamba kuyenda timapazi tifupitifupi pamwamba pa khoma, akuwerenga mokweza ndi mawu osasa. Denga panalibe, koma mawondo awo ankagwedera ngati lilipo. Atakwanitsa zana anafuula kuti, “Tulani!” monga mwa chizolowezi, kenaka anachita manyazi. Amini anayeza mtundawo ndi tcheni, anawerengera papepala, n'kuika lula pamapu molunjika kummwera. Pensulo yake inakaima pakatikati pa chilumba chatsopano chija.

“Izi ndiye ndalemba,” anatero.

Panalibe anawomba m'manja. Mayi wina wamasiye, Surjoban, amene ankasesa pamandapo Lachinayi lililonse, anatuluka m'gulu n'kudzaima patsogolo pa a Hormuj.

“Mistiri, ana anga atatu ali kunyanja panopa, dothi la pamenepa lili pamkono. Ndiye ndi dothi wamba?”

A Hormuj anafuna kumupatsa mawu oti agwire, koma anali atanena kale zoona zambiri tsiku limenelo moti bodza linakana kutuluka. “M'kamphika kakudaka muli dothi lenileni,” anatero.

“Nanga limene ankatapa pamwambali?”

“La pompano, mlongo wanga.”

Surjoban anamasula kansalu kamene kanali pamkono pake, n'kukaponya pamapazi pawo, n'kumapita. Zimenezi zinawapweteka a Hormuj kuposa kutukwana konse kuja.

Mapepala a boma sathamanga, koma ulendo umenewo anafika mvula isanayambe. Chilumba chinabwerera kwa ife. Sekandar anapha ng'ombe n'kumauza aliyense kuti ndi iye amene anamufewetsa amini, ndipo poti nyama inali yake, panalibe anatsutsa. Amini anabweranso kudzakhoma zikhomo za malire, n'kukhomanso chimodzi pamene mawerengero ake ankati ndi pa manda enieni. Pasanathe sabata pamalopo panali pataundidwa mtumbira, ndi nsalu yofiira yatsopano yogula kutauni. Asodzi anayambanso kutapa dothi, Surjoban anayambanso kusesa. Timiphika tisanu tija palibe anatifunsa, tinangokhala kunsi kwa bedi la a Hormuj. Bambo awo analakwitsa powerengera. Anthu sanabalalike ayi, anangofuna munthu mmodzi woti amukwiyire, ndipo anamupeza.

Sanawamenye, sanawathamangitse. Kwathu sitichita zimenezo, tili ndi njira zina zozizira. Moni wawo tinkayankha ndi theka la pakamwa. Pa swala ya Lachisanu mumzikiti mbali zawo zonse ziwiri pankatsala mpata. Amene ankati akhala akupusitsa mudzi zaka zonsezi ndi amene ankati akanangokhala chete anali anthu omwewo, kungosiyana tsiku. Mzikiti, umene banja lawo linausamutsa kasanu, anakautengera mmisiri wa kumsika wakumtunda, mnyamata amene anang'amba matabwa atatu tsiku loyamba. A Hormuj anamva kung'ambikako ali pakhomo pawo, n'kulowa m'nyumba.

Sabata yosamuka amuna khumi ndi awiri ankayenda khomo ndi khomo, kusenza madenga kupita nawo kumaboti, monga timachitira nthawi zonse. Anasenza la kumanja kwa a Hormuj, anasenza la kumanzere, pakhomo pawo anangodutsa akuyang'ana kunyanja. Paja amati mutu umodzi susenza denga, ndipo a Hormuj, amene anasenzetsa madenga a mudzi wonse, anaziona ndi maso tsiku limenelo. Anakwera okha n'kumasula lata limodzilimodzi, a Joygun akulandira pansi akutukwana mudzi wonse ndi mizimu yake yomwe. Mwamuna wa Rokeya anabwera ndi kabwato kobwereka, ndipo anawoloka maulendo anayi.

Walira mvula walira matope. Chilumba chinali matope okhaokha ofika m'akakolo, udzudzu, ndi madzi akumwa okatunga kutali. Kachigawo ka agogo awo kanapezeka kumapeto kwenikweni, kummwera, poti kalipentala wosauka uja anafika malo abwino atatha kale. Kuchokera pa chikhomo cha malire kukafika pagombe panali mapazi makumi anayi okha. A Hormuj anayenda mpaka kumphepete, anaona mmene madzi ankakumbira kunsi kwa gombe, n'kubwerera.

“Zaka zingati?” anafunsa a Joygun.

“Zinayi. Mulungu akalola, zisanu.”

“Koma ndi pathu?”

“Ndi pathu.”

A Joygun anagwedeza mutu, n'kuyamba kumasula nsalu ya mbale.

Anazika nsanamira masiku atatu, akupuma kawirikawiri. Tsiku lachinayi m'mawa anakwera kukakhoma malata. Mmisiri wa kuno samenya msomali mpaka kumutu. Amausiya utatuluka pang'ono kuti pakhale pogwira tsiku lozula, ndipo a Hormuj anali asanamizepo msomali n'kamodzi komwe chiyambire kugwira hamala. A Joygun anaima pa mpando akuwapatsira misomali. Woyamba anaumenya mpaka mutu wake unalowa m'lata. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi.

“Bambo a Rokeya, ntchito mwaiwala? Imeneyo idzazuka bwanji?”

Kugombe chibuma chinagumuka n'kugwera m'madzi. A Hormuj sanacheuke.

“Adzaona yekha wozulayo,” anatero. “Si ine. Patse wina.”

A Joygun anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali. Kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kukweza dzanja kuwapatsa msomali wina.